Kusintha Reshiyo ya Difu ya Thiraki Kuti Ichepetse Kumwa Mafuta

Anthu ambiri amagwa pa malo awiri pa ntchito iyi. Ena amalakwitsa posankha: amva kuti nambala yaing'ono ya reshiyo ya difu (bokosi la magiya la pakati pa ekiselo) imapulumutsa mafuta, ndiye agula 3.08 n'kuika m'thiraki yomwe imasenza katundu tsiku ndi tsiku. Kenako akudabwa kuti ikumwa kuposa kale, poti pa chitunda chilichonse phazi likufika pansi ndipo giya yomaliza sakuilowanso. Ena amasankha bwino koma amalakwitsa pomanga, difu n'kuyamba kulira ngati mluzu akangofika pa liwiro la 80, ndipo mano a giya yatsopano adyeka miyezi isanathe. Kumasula ndi kumanga mabawuti ndi gawo laling'ono chabe. Ntchito yeniyeni ili pa masamu a poyamba ndi pa kuyeza.

## Zofunika kukhala nazo

Zogula:
- crown wheel (giya yaikulu ya m'difu) ndi pinion (giya yaing'ono yoizungulitsa) za seti imodzi, zokhala ndi nambala yofanana yolembedwa pa zonse ziwiri
- maberingi atsopano a pinion ndi a keriya (chitsulo chomwe crown wheel imamangidwapo), pamodzi ndi mphete zake
- mashimu (tizitsulo topyapyala tosinthira mpata) a makulidwe osiyanasiyana
- crush sleeve (kapaipi kofinyika ka pakati pa maberingi a pinion) ziwiri, osati imodzi, ngati difu yanu imagwiritsa ntchito chimenechi
- nati yatsopano ya pinion, silu ya pinion, ndi mabawuti atsopano a crown wheel
- mankhwala omatira ulusi wa mabawuti kuti asamasuke
- penti wachikasu woonera mmene mano akukhudzirana
- gasiketi kapena silikoni ya pa chivundikiro
- oyilo wa difu wa GL-5, kawirikawiri 75W-90 kapena 80W-90, ndi mankhwala owonjezera ngati difu ndi ya limited slip (yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha) yokhala ndi makilatchi

Zida:
- dial gauge (wotchi yoyezera kusuntha kochepa kwambiri) yokhala ndi tsinde la maginito
- torque wrench yaikulu ya mabawuti, ndi ina yaing'ono ya muvi yowerenga kuyambira 0 mpaka cha m'ma 6 Nm
- maikulomita yoyezera mashimu
- pulesi ndi chozulira maberingi
- chogwirira yoke (cholumikiza pinion ku puropela shafuti) kuti isazungulire, ndi chitsulo chachitali chowonjezera mphamvu
- hamala ya pulasitiki ndi mpini wa bulasi
- jeke ndi masitandi achitsulo olimba
- buku la wopanga galimoto kapena ekiselo yanu

Ngati mulibe dial gauge ndi torque wrench yaing'ono ija, musayambe. Dzanja silingamve kusiyana kwa 0.15 ndi 0.30 mm, ngakhale mutakhala kuti mwagwira sipanala zaka 20.

## Gawo loyamba: musanamasule chilichonse

1. Yezani mmene thiraki ikumwera panopa. Dzazani thanki mpaka pompa idule yokha, lembani makilomita, yendani maulendo anu a nthawi zonse, dzazaninso, n'kugawa makilomita ndi malita. Chitani zimenezi pa matanki atatu. Popanda nambala iyi simudzadziwa ngati ntchitoyo yapindula kanthu.

2. Dziwani reshiyo yomwe muli nayo. Reshiyo ndi mano a crown wheel kugawa ndi mano a pinion. Mano 41 ndi 10 ndi 4.10, 41 ndi 11 ndi 3.73, 39 ndi 11 ndi 3.55, 41 ndi 12 ndi 3.42. Mathiraki ambiri ali ndi kachitsulo pa bawuti ya chivundikiro cha difu kapena kodi pa chimata cha pa mphuthu ya chitseko, koma thiraki yomwe yadutsa m'manja ambiri siyodalirika pa zolemba. Werengani nokha. Tsekerani matayala a kutsogolo, ikani giya pa nyutulo, kwezani tayala limodzi la kumbuyo, ndipo lembani choko pa tayala ndi pa puropela shafuti. Zungulitsani tayala kawiri kathunthu uku mukuwerenga shafuti. Ikazungulira kanayi ndi kachidutswa, muli pa 4.10. Ikazungulira katatu ndi makota atatu, ndi 3.73.

*Chenjezo:* njira ya kawiriyi ndi ya difu wamba. Ngati ndi limited slip, tayala limodzi silizungulira lokha. Kwezani onse awiri, zungulitsani kamodzi kokha, n'kuwerenga.

3. Chitani masamu. Apa ndi pomwe pamadziwika ngati ntchitoyi ili yoyenera kuichita. Kuti mudziwe ma rpm a injini (kuzungulira kwake pa mphindi imodzi) pa liwiro lomwe mumayenda kawirikawiri, chulukitsani zinthu zinayi: liwiro mu makilomita pa ola, reshiyo ya difu, reshiyo ya giya yomaliza ya m'giyabokosi, ndi 5305. Yankholo ligaweni ndi kutalika kwa tayala lonse mu mamilimita.

Titenge thiraki ya matayala a 265/70R16. Kutalika kwake ndi 265 kuchulukitsa ndi 0.70, kawiri, kuphatikiza mainchesi 16 a limu omwe ndi 406 mm. Zonse pamodzi ndi 777 mm. Tinene kuti giya yomaliza ndi 0.75 ndipo liwiro ndi 100. Pa 4.10 injini izungulira pafupifupi 2,100 rpm. Pa 3.73 itsikira pa 1,910. Pa 3.55 ifika pa 1,820.

Tsopano tsegulani buku muone ma rpm omwe injini yanu imatulutsira mphamvu zokoka zochuluka. Nambala yanu yatsopano ikhale mkati mwa malire amenewo, yokwererako pang'ono pamwamba pa poyambira. Ikagwera pansi pake, injini izilemedwa, izinjenjemera mukaponda, ndipo ngati giyabokosi ndi ya otomatiki izingosinthasintha magiya pa kachitunda kalikonse. Pamenepo mafuta mukutaya, osati kupulumutsa.

Kumbukiraninso kuti zomwe mwachotsa ku ma rpm mwachotsanso ku mphamvu ya pa matayala. Kuchoka pa 4.10 kupita pa 3.73 ndi kutsitsa zonse ziwiri ndi 9 peresenti. Thiraki yoyenda yopanda katundu m'misewu yaitali yosalala siimva kanthu. Koma yokoka ngolo, kapena yonyamuka ndi kuima pafupipafupi ili ndi katundu, imva, ndipo kilatchi ndiyo ivutike. Ndiponso ma rpm akatsika ndi 9 peresenti sizitanthauza kuti mafuta atsika ndi 9 peresenti. Phindu limakhala locheperapo ndithu, chifukwa mphepo ndi kulemera kwa thiraki sizinasinthe. Kwa ine, kutsitsa reshiyo ndi sitepe imodzi kapena ziwiri n'kokwanira. Wolumpha kuchoka pa 4.56 kukafika pa 3.42 ndiye kuti akufuna thiraki ina, osati difu ina.

Pali anthu ena omwe yankho lawo lili mbali inayo. Ngati munaika matayala aakulu kuposa a kufakitale, mwatsitsa kale ma rpm osadziwa, ndipo mwina thiraki ikumwa chifukwa ikulemedwa. Zikatero mufunika nambala yaikulu, osati yaing'ono.

4. Gulani zogwirizana ndi ekiselo yanu. Nambala ikamatsika pinion imakula, ndiye pa ma ekiselo ena keriya imodzi siikwana magiya onse. Pa ekiselo ya Dana 44 malire ali pakati pa 3.73 ndi 3.92, ndipo pa Dana 60 ali pakati pa 4.10 ndi 4.56. Mukawoloka malirewo mufunika keriya ina. Funsani zimenezi musanalipire.

*Chenjezo:* thiraki ya 4x4 imasinthidwa madifu onse awiri. Kutsogolo 4.10 kumbuyo 3.73 ndiye kuti mukangolowetsa 4x4 pa nthaka yolimba ma ekiselo ayamba kulimbirana, ndipo china chithyoka.

## Gawo lachiwiri: kuphwasula

5. Kwezani ndi kukhetsa oyilo. Thiraki ikhale pa masitandi, osati pa jeke yekha. Lembani chizindikiro pa puropela shafuti ndi pa yoke kuti mudzabwezere momwe zinalili, kenako masulani shafutiyo. Chotsani chivundikiro, oyilo akhe. Ngati difu yanu ndi ya mtundu wosolola yonse chakutsogolo, monga Ford 9 inch ndi madifu ambiri a Toyota, muli ndi mwayi: mukachotsa mashafuti a matayala, mumasula manati ozungulira n'kukagwirira ntchito pa benchi.

6. Yezani backlash yakale, yomwe ndi mpata wa pakati pa mano a pinion ndi a crown wheel, musanachotse kanthu. Imikani dial gauge kuti nsonga yake igunde dzino la crown wheel molunjika, gwirani pinion isasunthe, n'kugwedeza crown wheel uku ndi uku. Lembani nambalayo. Ikuthandizani kuzolowera chidacho pa difu yomwe ikuyenda bwino.

7. Sololani mashafuti a matayala. Pa ekiselo ya C-clip, masulani kabawuti kogwira pini ya pakati pa keriya, tulutsani piniyo, kankhirani shafuti mkati, ndipo kachitsulo kooneka ngati C kagwa kokha. Pa ekiselo ya full floating mumangomasula mabawuti a pa habu n'kukoka.

8. Tulutsani keriya ndi pinion. Musanamasule makapu awiri ogwira maberingi a keriya, akhomeni chizindikiro: la kumanzere, la kumanja, ndi mbali yoyang'ana kumwamba. Makapuwa anawapala pamodzi ndi chikombole cha difu, sasinthana. Keriya ndi yolemera ndipo imatuluka modzidzimutsa, choncho siyani mabawuti atalowa pang'ono mpaka itamasuka. Mashimu a kumanzere aikeni paokha, a kumanja paokha. Kenako masulani nati ya pinion, zulani yoke, n'kumenya pinion ndi mpini wa bulasi ilowe mkati, wina ataigwira kuti isagwe. Zulani beringi yaikulu ya pinion, muyeze shimu ya pansi pake ndi maikulomita. Pa madifu ena shimuyi imakhala kuseli kwa mphete ya beringi m'chikombole. Nambala imeneyi ndiyo poyambira panu.

Tsukani chikombole chonse, chotsani mphete zakale za maberingi, n'kukhomera zatsopano mpaka kulira kwa hamala kusinthe, kusonyeza kuti zafika.

## Gawo lachitatu: kumanga ndi kuyeza

9. Mangani crown wheel pa keriya. Pitani ndi tupa yosalala kumsana kwa giya yatsopano ndi pa nkhope ya keriya kuti muchotse tizitsulo totukuka, n'kupukuta bwino. Kamchenga kamodzi pakati apa kamapendeketsa giya yonse. Ikakana kulowa, itenthetseni m'madzi owira, muiumitse, ilowa yokha. Osaikoka ndi mabawuti, ndipo osaiwotcha ndi lawi la gasi. Pakani mankhwala pa ulusi wa mabawuti atsopano, mumange modumphadumpha mpaka pa nambala ya m'buku. Ngati pali mphete ya mano ya ABS pa keriya, ionetsetseni kuti yabwerera.

*Chenjezo:* pa ma ekiselo ena, monga GM ya mainchesi 8.5, mabawuti a crown wheel ali ndi ulusi wa kumanzere. Bawuti ikakana kumasuka, yang'anani kaye musanawonjezere chitsulo.

10. Ikani pinion mongoyesa. Yambani ndi shimu yofanana ndi yakale ija. Muchotsa ndi kubwezera pinion kangapo, ndiye ndi bwino kutenga beringi ina yofanana ndi yatsopano n'kuipala mkati pang'ono kuti izilowa ndi dzanja. Ikani pinion popanda crush sleeve ndi popanda silu, pakani oyilo pa maberingi, gwiritsani ntchito nati yakale. Mangani pang'onopang'ono mpaka torque wrench yaing'ono ionetse kuti pinion ikufuna mphamvu yolembedwa m'buku kuti izizungulira. Imeneyi ndiyo preload. Pa maberingi atsopano a mathiraki ang'onoang'ono nthawi zambiri imakhala cha pakati pa 1.5 ndi 3 Nm. Werengani muvi pinion ikuzungulira, osati pomwe ikungoyamba kusuntha.

11. Ikani keriya, mupeze backlash. Bwezerani keriya ndi mashimu ake, mangani makapu. Yezani monga munachitira pa sitepe 6, koma pa malo atatu kapena anayi kuzungulira giya. Madifu ambiri amafuna pakati pa 0.15 ndi 0.25 mm, koma tsatirani pepala lobwera ndi magiya anu. Ikachuluka, sunthirani crown wheel kufupi ndi pinion, ikachepa, italikitseni. Shimu yomwe mwachotsa mbali ina muiwonjezere mbali inayo, kuti makulidwe onse pamodzi asasinthe. Pa difu ya manati osinthira, mumamasula ya mbali ina n'kumanga ya mbali inayo mofanana. Keriya iyenera kulowa mothina, mochita kugogoda ndi hamala ya pulasitiki. Ikangogweramo yokha, ndiye kuti maberingi ake alibe preload ndipo crown wheel izithawa pinion mukaponda moto.

Ngati nambala za malo anayiwo zikusiyana kwambiri, musapitirire. Pali chitsotso kuseli kwa giya, kapena keriya ndi yopindika.

12. Werengani chidindo cha mano. Apa musathamange. Pakani penti wachikasu pa mano atatu kapena anayi a crown wheel, mbali zonse ziwiri, pa malo awiri osiyana. Panikizani crown wheel ndi thabwa kapena nsanza kuti ilemere, kenako zungulitsani pinion mano opakawo adutse kangapo kupita kutsogolo ndi kubwerera. Popanda kulemetsako chidindo chimangokhala chimbuuzi chosawerengeka.

Dzino lili ndi mbali ziwiri. Yotukuka ndi yomwe imagwira ntchito mukaponda moto. Yolowa mkati ndi yomwe imagwira mukachotsa phazi. Pomwe penti wafufutika ndi pomwe mano akukhudzana. Chomwe mukufuna ndi chidindo chooneka ngati dzira logona, chokhala pakati pa nsonga ya dzino ndi tsinde lake, chosafika m'mphepete.

Chinthu choyamba kuyang'ana ndi kukwera kapena kutsika kwake. Chidindo chikakwera kunsonga ya dzino, pinion yatalikira. Wonjezerani shimu kuti ilowe chapakati pa crown wheel. Chikatsikira kutsinde, makamaka chikakhala ndi mzere wakuthwa m'munsi mwake ngati wodulidwa ndi lumo, pinion yalowetsa, chepetsani shimu. Sinthani pang'onopang'ono, 0.05 mm kapena 0.08 mm pa ulendo umodzi, ndipo nthawi iliyonse mukasintha shimu ya pinion, backlash yasinthanso, muyenera kuikonza kaye musanapakenso penti. Anthu ambiri amaiwala zimenezi n'kumathamangitsa chidindo tsiku lonse.

Kusunthira kunja kapena mkati kwa chidindo kumatsata kwambiri backlash. Mukaichulukitsa, chidindo cha mbali yoponda moto chimapita kunja kwa giya komwe dzino ndi lalikulu. Mukaichepetsa chimabwera mkati. Chikakhala pakati kapena chopendekera mkati pang'ono, n'chabwino, chifukwa thiraki ikalemedwa chimafalikira kunja chokha. Musatulutse backlash m'malire ake pofuna kuti chidindo chioneke chokongola. Chidindo chokhala bwino pakati pa nsonga ndi tsinde mbali zonse ziwiri, ndi backlash ya m'malire, basi zakwana.

Muzijambula chithunzi ulendo uliwonse n'kulemba shimu ndi backlash yake pambali. Pofika ulendo wachinayi mutu umasokoneza zonse.

13. Mangani komaliza. Chotsani zonse, panikizani beringi yeniyeni ndi pulesi pamwamba pa shimu yomwe mwapeza, ikani crush sleeve yatsopano, silu yopaka oyilo m'milomo, yoke ndi nati yatsopano. Crush sleeve imafuna mphamvu zambiri kuti iyambe kufinyika, ndipo mumakoka chitsulo chachitali mpaka thukuta osaona kusintha kulikonse. Koma kugwedera kwa pinion kukangotha, preload imakwera mofulumira kwambiri. Kuyambira pamenepo, mangani kachidutswa kakang'ono zedi, yezani, manganinso. Ulendo wanga woyamba ndinatopa ndi kuyezayeza, ndinakoka kamodzi mwamphamvu, muvi n'kulumpha kupitirira malire. Sleeve yachiwiri ija ndinalibe, ndipo thiraki inagona pa masitandi masiku atatu.

*Chenjezo:* mukapitiriza, osabweza nati m'mbuyo. Sleeve yofinyika siibwerera. Ikani ina, muyambirenso.

Bwezerani keriya, mangani makapu pa nambala ya m'buku, yezaninso backlash ndi chidindo komaliza. Bwezerani mashafuti, pini ya pakati ndi kabawuti kake kopaka mankhwala, chivundikiro ndi puropela shafuti motsata zizindikiro zija. Thirani oyilo thiraki ili pamalo osalala mpaka afike pakamwa pa bowo lothirira.

## Gawo lachinayi: pamsewu

14. Zoloweretsani magiya. Magiya atsopano amatentha. Yendani makilomita 25 kapena 30 modekha, imani difu izizire kwathunthu, n'kubwereza kawiri kapena katatu. Pa makilomita 800 oyamba musakoke ngolo, musasenze katundu wolemera, ndipo musakhale pa liwiro limodzi kwa nthawi yaitali. Mukakwanitsa 800, khetsani oyilo muthire watsopano. Fumbi lachitsulo losalala ngati phala pa maginito a m'difu ndi labwinobwino. Tizidutswa tomveka pa chala ndi chizindikiro choti mutsegule muone.

15. Konzani sipidomita, kenako yezaninso mafuta. Ngati galimoto yanu imawerenga liwiro kuchokera ku giyabokosi, sipidomita tsopano ikunama. Kuchoka pa 4.10 kupita pa 3.73, ionetsa 91 pamene mukuyenda 100, ndipo makilomita nawonso iziwerenga ochepa. Yerekezani ndi GPS ya pa foni. Magalimoto akale amasinthidwa kagiya kakang'ono ka sipidomita m'giyabokosi. Atsopano amalowetsedwa reshiyo yatsopano pa kompyuta. Owerenga kuchokera ku masensa a ABS a pa matayala sasokonezeka.

Izi zimakhudza chiweruzo chanu chonse. Mukayenda makilomita 100 enieni ndi malita 10, mita yonama ija ikuuzani kuti mwayenda 91, inu n'kuganiza kuti thiraki yayamba kumwa kwambiri. Komanso mukamasunga muvi pa 100 ndiye kuti mukuthamanga 110, ndipo mphepo idya zonse zomwe magiya anapulumutsa. Ngati simunakonzebe, chulukitsani makilomita a pa mita ndi 1.10, yomwe ndi 4.10 kugawa ndi 3.73. Yezani matanki atatu m'njira zomwe zija, ndi katundu wofanana.

## Zolakwika zomwe zimabwerezedwa kawirikawiri

Kusakaniza crown wheel ya seti ina ndi pinion ya seti ina. Ziwirizi amazinolera pamodzi kufakitale, ndipo ngakhale mano atafanana chiwerengero, zosakaniza zimalira.

Kugwiritsanso ntchito maberingi akale kapena crush sleeve yakale pofuna kuchepetsa ndalama. Mudzatsegulanso difu yomweyo posachedwa.

Kumanga nati ya pinion ndi mfuti ya mpweya mpaka kumapeto. Imadutsa preload musanaphethire.

Kuiwala mankhwala owonjezera mu oyilo wa limited slip. Difu imagwedezeka ndi kulira pokhota, munthu n'kumaganiza kuti magiya wamanga molakwika.

Kuyembekezera kuti phokoso litha lokha. Mluzu womveka pokhapokha mukaponda moto, kapena pokhapokha mukachotsa phazi, umaloza ku shimu ya pinion, backlash kapena preload yochepa. Mano akangodyeka motsata malo olakwikawo, ngakhale mutakonza mashimu pambuyo pake kulirako sikuchoka. Mukaumva pa ulendo woyamba, bwererani pang'onopang'ono, tsegulani chivundikiro, pakaninso penti.